Chikwamacho munachilanda nokha pachitseko cha ndege

Pali chiganizo chimodzi chimene ndimadana nacho kuposa mzere wa mafuta: "Katundu wa m'manja ndi udindo wanu." Anthu a makampani a ndege amachinena mokoma, akumwetulira, ife n'kugwedeza mutu, n'kutolera tizikwama tathu totsala kumapita. Chiganizochi n'choona theka lokha. Theka linalo ndi limene likumeza mafoni, marandi ndi mankhwala a anthu athu pakati pa Joni ndi Lumbadzi, ndipo ndatopa kumva likufotokozedwa ngati tsoka.

Tiyambe ndi theka loonalo, ndisaoneke ngati ndangodzuka ndi mkwiyo. Maulendo ambiri a pandege opita kunja amayendera pangano la Montreal la mu 1999. Ndime 17 ya panganoli imasiyanitsa katundu pawiri. Chikwama chimene wapereka kwa a kampani, chikasowa kapena kuonongeka chili m'manja mwawo, iwo ndiwo ayankhe, ndipo iwe sufunika kuonetsa kuti analakwitsa pati. Chikwama chimene wakwera nacho wekha n'kuchiika m'kabati ya pamwamba pa mipando, kampani imayankha pokhapokha vuto litachokera kwa iyo kapena kwa antchito ake. Mnzako wa mpando wa kumbuyo akapisamo dzanja iwe uli mtulo, kampani sikubwezera kanthu. Apo sindikutsutsa. Chikwama chili pamwamba pa mutu wako, uchiyang'anire.

Koma taonani zimene zimachitika pachitseko. Wayeza chikwama chako kunyumba, makilogalamu 7 ndendende monga ananenera. Wadutsa pakauntala, achiona, avomera. Waikamo zonse zimene iwo omwe amalangiza kuti zisapite kunsi kwa ndege: laputopu, foni ya mayi, ndalama, mapepala, mankhwala. Ukufika pokwerera, wina wa yunifomu akutambasula dzanja: "Ndege yadzaza, chikwamachi chipita kunsi." Kapena ndege yake ndi ija yaing'ono, ngati Q400, imene makabati ake salowa chikwama cha matayala, ndiye akuti uchisiye pansi pa masitepe. Kumbuyo kwako kuli mzere wa anthu, injini ikulira, aliyense akukuyang'ana ngati ndiwe ukuchedwetsa ulendo. Umapereka. Masekondi khumi okha, chikwama chako cha m'manja chasanduka katundu wa kunsi, chopanda loko, chopanda pulasitiki ija ena amakulungira, ndipo aliyense wogwira ntchito kumeneko akudziwa kuti zikwama zolandidwa pachitseko ndi zimene zimakhala ndi zonona.

Tsono chikafika chopepuka, ayankha bwanji? "Katundu wa m'manja ndi udindo wanu." Aaa, bwanji kodi? M'manja mwa ndani? Chinachoka m'manja mwanga pamene munachitenga inu.

Mlongo wanga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, ndipo amabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Nthawi zambiri amakwera basi, masiku awiri pamsewu kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Ulendo wina mayi anadwala mwadzidzidzi, ndiye anakongola ndalama n'kugula tikiti ya ndege. Pachitseko anamulanda chikwama, osamupatsa ngakhale kapepala. Atatera anachipeza, zipi yotseka bwinobwino, koma foni ziwiri zatsopano mulibe, envelopu ya marandi mulibe. Envelopuyo sinali yake yokha. Munali ndalama za anzake atatu, wina wa ku Ekwendeni, awiri a ku Nkhata Bay, zoti akapereke kwa makolo awo. Anafunsa munthu mmodzi wa yunifomu, anamuuza chiganizo chija, iye n'kuti "yewo", n'kuthamangira basi ya ku Mzuzu chifukwa mtima unali pa mayi. Anafika kuno ku Ching'ambo usiku, ndipo chimene chinkamuliza kwambiri sichinali foni ayi. Chinali chakuti akawauza chiyani anzake aja, ndipo ndani akakhulupirire kuti sanadye yekha ndalamazo. Anabweza zonse, miyezi isanu ndi umodzi akudula malipiro ake.

Amene analemba malamulo a katundu mwina ankaganiza za mzungu amene m'chikwama chake muli buku ndi juzi. Chikwama cha m'manja cha Mmalawi ndi banki, ndi famase, ndi positi ofesi. Muli fizi ya mwana wa mchimwene. Muli ma ARV kapena mankhwala a shuga a mwezi wonse. Muli satifiketi ya MSCE, yeniyeniyo osati fotokope. Muli ndalama za m'manja chifukwa aliyense akudziwa kusiyana kwa mtengo wa kubanki ndi wa pamsewu, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nanga pasipoti? Amene anafuna pasipoti kumayambiriro kwa 2024, nthawi imene makina a Immigration anaima ndipo Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti abedwa ndi akatswiri a pa kompyuta, akudziwa kuti kabuku kameneka sikosewera nako.

Bodza lachiwiri limabwera ukalimba mtima n'kulemba dandaulo. Amakutumizira tizilembo ting'onoting'ono ta malamulo a tikiti, takuti kampani siyankha pa ndalama, zipangizo zamagetsi kapena zodzikongoletsera zimene zaikidwa m'katundu wa kunsi. Apa pali zinthu ziwiri. Choyamba, sindine ndinaziika kunsiko, ndinu. Chachiwiri, ndime 26 ya pangano la Montreal lomwe lija imati mfundo iliyonse ya pa tikiti yofuna kuchotsera kampani udindo, kapena kutsitsa malire a chipukuta misozi, ndi yopanda mphamvu. Mu 2009 a Department of Transportation a ku America anachenjeza makampani a ndege kuti asiye kukana kulipira zinthu ngati zimenezi pa maulendo opita kunja ponamizira tizilembo timeneti. Ndiye munthu wa ku Chicago akalemba kalata amamvedwa, koma wa ku Chiputula amauzidwa kuti awerenge tikiti yake.

Malire a chipukuta misozi alipo, sindibisa. Kuyambira pa 28 Disembala 2024 ndi ma SDR 1,519 pa munthu mmodzi. SDR ndi muyeso wa ndalama wa bungwe la IMF, ndipo chiwerengero chimenechi n'chapafupifupi madola 2,000 a ku America. Amenewo ndi malire a pamwamba, sikuti amangokupatsa. Uyenera kuonetsa kuti chinasowacho chinali cha ndalama zingati, n'chifukwa chake lisiti ya foni ija usamaitaye pa shopu. Komanso panganoli limagwira malinga ndi kumene ulendo wayambira ndi kumene ukuthera. Apa anzathu a ku Joni mvetserani: South Africa ili m'panganoli, ndiye tikiti yopita ndi kubwerera, yoyambira ku Johannesburg kubwera ku Lilongwe n'kubwereranso ku Johannesburg, ili pansi pa malamulo amenewa ulendo wonse. Tikiti ya mlongo wanga inali yotero.

Komatu mkwiyo wanga sukuthera pa makampani okha. Ndili ndi mlandu ndi ife tomwe, ndi kaulemu kathu kaja kogwada. Timalowa pa bwalo la ndege ngati talowa m'nyumba ya apongozi: mawu pansi, manja kumbuyo, aliyense wovala baji ndi bwana. Timachita ngati atichitira chifundo potilola kukwera, chonsecho tikiti talipira ndi thukuta la miyezi itatu. Chodabwitsa n'chakuti ife si alendo m'ndege. Agogo athu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay ankauluka ndi ndege za Wenela popita ku migodi, kale kwambiri mabwana ambiri a masiku ano asanabadwe. Pa 4 Epulo 1974 imodzi mwa ndegezo inagwa ku Francistown ikubweretsa anthu kumudzi, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Zaka makumi asanu zadutsa, zidzukulu zawo tikuuluka msewu womwewo, komabe tikuopa kufunsa kapepala ka chikwama chathu chomwe.

Kwa ife a kumpoto kukhala chete kumadula kawiri. Wa ku Area 25 akazindikira madzulo kuti laputopu mulibe, m'mawa akwera minibasi, wafika pa bwalo. Ife tikangotuluka pageti la KIA n'kukwera basi pa Lumbadzi, tikadutsa Mponela, Kasungu, Jenda, Chikangawa, tili makilomita oposa 300 kutali ndi kauntala yodandaulira. Bwalo la ndege tili nalo mumzinda momwemuno, koma ndani wa ife anakwererapo ndege ya ku Joni? Kubwerera ku Lilongwe kukatsata foni ndi thiransipoti yopita ndi kubwera, malo ogona, ndi tsiku la ntchito lotayika. Ambiri amawerengera n'kungoti basi, Mulungu adzabweza. Kampani imadziwa zimenezi. Siifunika n'komwe kukana mlandu, ingodikira utope.

Ndiye nkhondo yake ndi ya pomwepo, usanatuluke. Msuweni wanga aliyense amene akukakwera ndege ndimamuuza zomwezi mpaka amanyansidwa nane. M'chikwama cha m'manja muzikhala kathumba kena kakang'ono, kamene ungakasolole kamodzi n'kamodzi: pasipoti, ndalama, mankhwala, foni, chaja. Akatambasula dzanja pachitseko, ima pambali, tsegula, tulutsa kathumbako ndi laputopu, mzere udikire. Wina akakuthamangitsa, muuze kuti muli power bank. Malamulo a ndege padziko lonse saloleza power bank kupita kunsi chifukwa mabatire ake amatha kuyaka, ndiye palibe wa yunifomu amene angakukanize kuitulutsa. Kenako funsa tagi. Ndime 3 ya pangano lija imati kampani ipereke kapepala ka chizindikiro pa chikwama chilichonse chimene yalandira. Jambula tagiyo, jambula chikwamacho, zimatenga masekondi asanu. Ukatera, tsegula chikwama pomwe wachilandirira, ngakhale anthu akuone zovala zamkati. Ngati china chasowa, usachoke popanda fomu imene amaitcha Property Irregularity Report, yokhala ndi nambala. Fomuyo payokha si dandaulo. Dandaulo ulembe, pa imelo kuti pakhale tsiku, pasanathe masiku 7 ngati chikwama chafika choonongeka kapena chopungulidwa. Ngati sichinafike n'komwe, pakatha masiku 21 chimatengedwa kuti chasowa ndipo ukhoza kuitanitsa malipiro. Mwayi wopita kukhoti umatha pakadutsa zaka ziwiri.

Zakuba za m'kati mwa ndege momwe nazo zilipo, makamaka maulendo ausiku magetsi akazimitsidwa. Chikwama uchiike m'kabati ya mbali inayo, moyang'anana ndi mpando wako kuti uzichiona, zipi italoza mkati. Ndalama zikhale pathupi, monga amachitira amayi athu mu Mzuzu Main Market, iwo sanaphunzire izi ku eyapoti. Ukaona kuti wina wapisa, uza ogwira ntchito m'ndege nthawi yomweyo, ndege isanatere. Zitseko zisanatsegulidwe wakubayo ali m'chitini momwemo ndi iwe ndipo woyendetsa ndege akhoza kuitanitsa apolisi kuti adikirire pansi. Zikangotsegulidwa, wasowa m'chigulu cha anthu a ku OR Tambo kapena ku Bole. Pasipoti ikapita uli ku South Africa, yamba ndi lipoti la polisi, kenako ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg kuti akupatse chikalata choyendera mwadzidzidzi. Foni ikapita, tsekesa SIM msanga, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba wako ali mmenemo. Nambala ya IMEI, ija imatuluka ukaimba *#06#, uilembe penapake lero lomwe.

Ndikudziwa wina akuwerenga izi pa bando ya K500 akuti, "Aise, za ndege ndi mavuto a anthu olemera, ife tikulimbana ndi mtengo wa chimanga." Takayang'anani amene amakhala pa mzere wa ndege ya ku Joni. Olemera enieni ali kutsogolo, amakwera koyamba, makabati akadali opanda kanthu, ndipo palibe amene amawalanda chikwama. Amene amalandidwa ndi wokwera kumapeto: wantchito wa m'munda wa ku Randburg amene akuthamangira maliro, wophunzira wopita ku sukulu ndi laputopu yobwereka, mayi wa geni, nesi. Ndi anthu a m'makwalala athu omwewa, ndipo ndalama zimene zimasowazo zimakhala zikubwera kudzagula chimanga chomwecho.

Chimene ndikufuna kwa makampani si chachikulu. Mukamatenga chikwama pachitseko, nenani mokweza kuti munthu atulutse ndalama, mankhwala, mapepala ndi zamagetsi, ndipo pa ndege yopita ku Malawi munene m'Chichewa, osati m'Chingerezi cha pamphuno chokha. Perekani tagi pa chikwama chilichonse popanda kupemphedwa. Ikani munthu pa kauntala ya madandaulo mpaka wokwera womaliza atatuluka. Landirani madandaulo pa WhatsApp kapena pa imelo kuti wa ku Karonga asakwere basi usiku wonse kudzasaina fomu. Ndipo a Competition and Fair Trading Commission, amene ntchito yawo ndi kumva madandaulo a ogula, sangatsate nkhani imene palibe waibweretsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anatero akale, koma chitseko chake chiyenera kukhala ndi nambala ya fomu, deti ndi chithunzi cha tagi. Amene muli nazo zinthu zitatuzi ndipo kampani yangoti zii kwa mwezi wathunthu, lembani kalata yachiwiri, mutchulemo ndime 17 ndi ndime 26, kope yake mutumize ku Commission.