Makina owotcha khansa alipo, koma musawadikire

Inu amene mumayenda khomo ndi khomo ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Phalula, mwamvapo mayi akuti, "Ndidzayezetsa ndikadzamva kupweteka." Ena akuwonjezera kuti masiku ano ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli makina a radiotherapy, owotcha khansa ndi cheza. Makinawo ndi abwino. Koma tamvani zomwe zimaoneka mu labotale.

Asayansi amalera maselo a khansa m'timbale, ena n'kuwapatsa mpweya wa okosijeni, ena n'kuwamana. Kenako amathiramo mankhwala monga misonidazole, atawaika chizindikiro choti aziwalondolera. Mankhwalawo amalowa m'maselo onse. Momwe muli okosijeni, amatulukanso. Momwe mulibe, selo limawasintha ndipo amamatirira ku mapuloteni ake osachokanso. Selo lakufa siliwagwira, choncho chizindikirocho chimaloza maselo amoyo amene akubanika. Gulu la Chapman ku Canada lidalemba za njirayi mu 1981.

Amawasakiranji? Chotupa chimakula mothamanga kuposa mitsempha yake ya magazi, ndipo maselo otalikirana ndi mtsempha, ngakhale ndi mtunda wosakwana theka la milimita, amasowa mpweya. Maselo amenewa safa msanga: kuti cheza chiwaphe pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi katatu. M'zaka za m'ma 1990 madokotala a ku Germany adayeza okosijeni m'zotupa za khomo la chiberekero, n'kupeza kuti amayi omwe zotupa zawo zinali zosowa mpweya ndiwo ankavutika kuchira.

N'chifukwa chake ndikuti nthawi yabwino ndi pamene chotupa chisanapangike n'komwe. Kuyeza kwa viniga, komwe kumachitika pa chipatala cha boma ku Liwonde ndi ku Balaka, kumaonetsa malo oyera pa khomo la chiberekero khansa isanayambe. Malowo akakhala ochepa, amawawotcha ndi kachipangizo kakang'ono, mayi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Palibe ulendo wa ku Lilongwe, palibe kugulitsa mbuzi.

Mayi wa zaka 25 mpaka 49 apite ngakhale sakumva kalikonse, makamaka amene ali ndi HIV. Wotaya magazi akakhala malo amodzi ndi bambo, kapena atasiya kale kusamba, asadikire mwezi wamawa. Ndipo inu makolo, katemera wa HPV adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Funsani alangizi a zaumoyo ngati mtsikana wanu wa zaka 9 adalembedwa.