MANYUZIPEPALA NDI NKHANI YA MASELO OCHIRITSA

Pali nkhani zina zimene munthu wamba sangathe kukadzionera yekha, kotero kuti zonse zimene adziwa za nkhanizo azimvera kwa olemba nyuzi. Imodzi mwa nkhani zotere ndiyo ya maselo amene akatswiri amawatcha stem cells. Awa ndi maselo a m'thupi amene sanakhale ndi ntchito yawoyawo, koma angathe kuswana ndi kusanduka maselo a magazi, a khungu kapena a mitsempha. Ena amapezeka m'mafuta a m'mafupa a munthu wamkulu, ndipo ena amapezeka mumluza wa masiku asanu okha. Mmene manyuzipepala a maiko osiyanasiyana akhala akufotokozera nkhaniyi ndi phunziro loyenera kulilingalira mofatsa.

M'chaka cha 1998, Dr. James Thomson wa ku University of Wisconsin, m'dziko la Amereka, anatha kutenga maselowa mumluza wa munthu ndi kuwasunga amoyo m'nyumba yofufuziramo. Popeza mluzawo umawonongeka pochita zimenezi, panabuka mtsutso waukulu. Manyuzipepala ambiri anaika nkhaniyo ngati mlandu wa mbali ziwiri: uku odwala oyembekeza kuchira, uko anthu a chipembedzo okana kuwononga moyo. Mawu amene mlembi anasankha anali kugamula mlandu owerenga asanamve umboni. Wolemba kuti "kagulu ka maselo" anali ataima kale mbali imodzi, ndipo wolemba kuti "mwana wosabadwa" anali ataima mbali inayo. Pa 9 August 2001, Pulezidenti George W. Bush anaika malire pa ndalama za Boma zothandizira kafukufukuyu, ndipo mu 2009 Pulezidenti Barack Obama anachotsa chiletsocho. M'zaka zonsezo nkhaniyi inalembedwa kwambiri ngati ya ndale, ndipo funso lakuti kodi maselowo achiritsa yani linatsalira m'mbuyo.

Koma kumene ngozi inaonekera poyera ndi ku South Korea. M'chaka cha 2004, Dr. Hwang Woo-suk a ku Seoul National University analengeza m'magazini ya Science kuti apanga mluza wa munthu kuchokera ku selo la munthu wamkulu, natengamo maselo aja. Mu 2005 anaonjeza kuti apanga magulu 11 a maselo ogwirizana ndi matupi a odwala eniake. Manyuzipepala a dzikolo anawasandutsa ngwazi ya mtundu wonse. Boma linawapatsa ulemu waukulu ndi ndalama zambiri, ndipo positi ofesi inasindikiza sitampa yoonetsa munthu akunyamuka pa njinga ya olumala ndi kuyamba kuyenda. Panthawiyo panalibe wodwala ndi mmodzi yemwe amene anali atachiritsidwa.

M'mwezi wa November 2005, wailesi ya kanema ya MBC inaulula kuti ena mwa mazira amene a Hwang anagwiritsa ntchito anachokera kwa amayi olipidwa ndiponso kwa akazi ogwira ntchito pansi pawo. Anthu anapsa mtima, osati ndi a Hwang, koma ndi atolankhaniwo, nawanena kuti ndi adani a dziko. Makampani anachotsa malonda awo, ndipo pulogalamuyo inaimitsidwa. Ndi zoona kuti a MBC anapepesa chifukwa ena mwa atolankhani awo anaopseza anthu powafunsa mafunso, koma chimene anali kulondola chinali chenicheni. Akatswiri achinyamata a ku Korea komweko anaona kuti zithunzi zina m'lipoti la a Hwang zinali zobwereza. Mu January 2006, bungwe la yunivesite yawo linagamula kuti maselo amene anawatamandira aja kunalibe, ndipo magazini ya Science inachotsa malipoti onse awiri. Mu 2009 khoti linawapeza olakwa pa kuwononga ndalama za kafukufuku ndi kuswa lamulo lokhudza mazira. Akulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Amene anapwetekedwa koposa ndiwo odwala ndi abale awo, amene anakhulupirira mitu ya nkhani.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ku Japan mu 2014, pamene mayi Haruko Obokata a ku bungwe la RIKEN analengeza njira yapafupi yopangira maselowa. Manyuzipepala anataya nthawi kufotokoza chovala chawo chogwirira ntchito ndi ubwana wawo, osafunsa ngati ena ayesa njirayo ndi kupeza zomwezo. Chisanathe chaka, magazini ya Nature inachotsa malipotiwo, ndipo manyuzipepala omwe aja ndiwo anatsogolera kuwanyoza.

Izi sizitanthauza kuti ntchito yonse ya maselowa ndi yachinyengo, iyayi. Kusamutsa maselo a m'mafupa kwapulumutsa odwala khansa ya m'magazi kwa zaka zambiri, ndipo Dr. E. Donnall Thomas analandira mphotho ya Nobel mu 1990 chifukwa cha ntchito imeneyi. Mu 2006, Dr. Shinya Yamanaka a ku Kyoto anaonetsa kuti selo wamba la mbewa lingathe kubwezedwa kukhala ngati la mumluza, ndipo mu 2007 zinatheka ndi maselo a khungu la munthu. Akatswiri a m'maiko ena anayesa napeza zomwezo, ndipo mphotho ya Nobel inatsatira mu 2012. Kusiyana kwa a Yamanaka ndi a Hwang kuli pomwepo: ntchito ya mmodzi inapirira kuyesedwa ndi anzake, ya winayo inangopirira kuomberedwa m'manja.

Nkhaniyi ikhudzanso maiko a kuno ku Afirika. M'chaka cha 2007, bambo Timothy Ray Brown, amene anali ndi kachirombo ka HIV pamodzi ndi khansa ya m'magazi, anaikidwa maselo a munthu wina ku Berlin. Woperekayo anali ndi chibadwa chosowa chimene chimatsekereza kachiromboko kulowa m'maselo, ndipo a Brown anachira HIV. Kuyambira pamenepo anthu owerengeka okha ndiwo achira mwa njira yomweyo, onsewo odwala khansa, pakuti njirayi ndi yoopsa ndipo ingathe kupha. Komabe nthawi iliyonse nkhani yotere ikatuluka, mutu umafuula kuti mankhwala apezeka. Munthu amene angaleke kumwa ma ARV chifukwa cha mutu wotero aika moyo wake pachiswe.

Chifukwa chake mlembi wa nyuzi ayenera kunena poyera zinthu zinayi: ngati kuyesako kunachitika pa mbewa kapena pa anthu, anthuwo anali angati, ngati akatswiri ena apeza zomwezo, ndiponso amene analipira ntchitoyo. Mphunzitsi amene ana a sukulu amufunsa, ndi wantchito wa Boma amene anthu a m'mudzi amudalira kuti awamasulire zolembedwa, ayeneranso kufunafuna zinthu zinayizi asanabwereze zimene awerenga. Kukonda dziko sikuletsa kufunsa mafunso, pakuti dziko la Korea linachotsedwa manyazi ndi ana ake omwe amene analimba mtima kufunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.