Soweto ili ndi eni ake

Anyamata a ku Chileka ndi ku Lirangwe, inetu ndatopa nawo madandaulo anuwa. Akuti nyimbo sizikutuluka bwino chifukwa mulibe situdiyo ngati za ku Johannesburg. Asaa! Kodi Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano anali ndi chiyani? Gitala, kachitoliro ndi bezi ya chingwe chimodzi basi. Komatu Gerhard Kubik wa ku Austria anawajambula mu 1967, kenaka anakaimba mpaka ku Ulaya.

Inu muli ndi laputopu ndi FL Studio, koma chotulukamo ndi amapiano okopera, kang'oma komweko kamene mnyamata wa ku Soweto anatopa nako kalekale. Ndani angagule zanuzo eni ake alipo?

Tengani foniyo mupite pamsika wa Lirangwe. Jambulani kulira kwa chigayo, kukuwa kwa oitanira minibasi, kugunda kwa munsi mumtondo. Mudule, mulumikize, ng'oma yanu ichokere pamenepo. Bezinso muzichepetsako, aphwanga. Pa sipika ya m'bala mawu a woimba amangomira.

Mukamaliza imodzi, kampatseni DJ wa paukwati Loweruka likubwerali, muone ngati azimayi adzuke pamipando.