Kanema Amabwera ku Mangochi Kudzajambula Nyanja, Osati Kudzamva Anthu

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu a m'tauni amene mumawerenga zolemba zangazi mutakhala pa sofa, lero nkhani ya feteleza ndayiika kaye pambali. Ndikufuna tikambe za mawayilesi a kanema a dziko lino, MBC, Times, Zodiak, Mibawa ndi anzawo. Funso langa ndi limodzi basi: anthu amenewa akamakonza mapologalamu awo, mumtima mwawo amati akuonera ndani? Ine ndikaona, amaganiza za munthu wa ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, wolandira malipiro mwezi ukatha, wodziwa Chingerezi, wokhala ndi akaunti ku banki. Ife a kunyanja kuno satiwerengera ngati oonera ayi, amatitenga ngati zinthu zojambula.

Taganizani bwinobwino nthawi zimene mwaona dzina la Mangochi pa nkhani za madzulo. Njira zake zilipo zitatu. Yoyamba ndi msonkhano. Akuluakulu a m'maofesi achoka ku Capital Hill, abwera ku hotela ya m'mbali mwa nyanja, akhala masiku atatu. Kamera ijambula tebulo, mabotolo a madzi ndi bwana wa tayi akuwerenga pepala, pansi alemba kuti Mangochi. Koma msodzi amene akusoka ukonde kuseri kwa mpanda wa hotela yomweyo palibe womufunsa ngakhale dzina. Yachiwiri ndi tsoka: kolera, madzi osefukira, bwato lagubuduzika, ng'ona yagwira munthu. Yachitatu ndi ndale, amayi athu atavala nsalu ya chipani akuvina padzuwa kudikira mlendo amene wachedwa ndi maola anayi. Munthu wa ku Karonga amene sanafikeko kuno, kuchokera pa zimene amaona, angaganize kuti ife ntchito yathu ndi kuvina, kudwala ndi kumira.

Ndikudziwa chimene ena muyankhe. Muti, akuluakulu, kumudziko kulibe magetsi, TV muonera pati? Zoonadi, nyumba za kumudzi zokhala ndi magetsi a ESCOM ndi zochepa kwambiri, pa nyumba khumi mwina osapeza ngakhale imodzi. Koma amene akunena zimenezi wakhalitsa osafika kuno. Tayendani pa Makawa, pa Namwera, pa Malindi, pa Msaka kapena ku Chembe dzuwa likalowa. Anyamata athu amene ali ku Joni akatumiza katundu, sola, batire ndi pulazima siziphonya. TV imodzi kumudzi sionera banja limodzi ngati m'tauni, imaonera mudzi wonse, ana pamphasa, akulu pamabenchi, ena pawindo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi lokha, kuposa anthu a mumzinda wa Blantyre. Ndiye wina aziti kuno kulibe oonera, zoona?

Umboni wina ndi uwu. Pa msika uliwonse pali kanyumba ka vidiyo. Anyamata ena ochenjera anatenga mafilimu a ku India, a ku China ndi a ku Nigeria n'kumawamasulira m'Chichewa, mawu awo pamwamba pa mawu a eni filimu. Sanapite ku yunivesite kukaphunzira utolankhani, alibe galimoto ya kampani, koma anazindikira chinthu chimodzi: munthu umulankhule m'chilankhulo chake, akhala pansi mpaka filimu ithe, ndipo alipira. Ngati mnyamata wa laputopu yakutha wakwanitsa kudzaza holo, nanga nyumba zikuluzikulu zoulutsira mawu, za makamera a mamiliyoni, chikuwavuta n'chiyani?

Ana a masiku ano mwina simudziwa kuti dziko lino linachedwa kwambiri kukhala ndi kanema. Nthawi yonse ya a Kamuzu kunalibe, tinkangomvera MBC pa wayilesi, yomwe inayamba mu 1964. Television Malawi inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, nthawi ya a Bakili Muluzi, kenako inadzaphatikizidwa ndi MBC. Ife amene tinali anyamata nthawi imeneyo tinasangalala, tinati tsopano Amalawi tizidziona tokha. Padutsa zaka zoposa 25, ndipo chimene taona kwambiri ndi mndandanda wa magalimoto a atsogoleri.

Pa MBC ndilankhula mosabisa, chifukwa imeneyi ndi yathu. Imalandira ndalama kuchokera ku boma, ndipo ndalama za boma si za nduna, ndi msonkho. Iwe ukagula shuga, mayunitsi a foni, lata kapena thumba la simenti, msonkho walipira, kaya uli ku Area 47 kaya uli ku Katuli. Lamulo la za mauthenga la 2016 limafuna kuti MBC itumikire anthu onse mosakondera. Koma tonse tili ndi maso. Inavala chikasu nthawi ya UDF, inavala buluu nthawi ya DPP, inavalako olenji, inavalanso za tambala wakuda. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti MBC ikukondera, chikalowa m'boma n'kukhala chete ngati chamwa phala lotentha. Akuluakulu mukukumbukira Makiyolobasi nthawi ya a Bingu, pologalamu yonyoza otsutsa. Mukukumbukiranso kuti aphungu atakwiya anapatsa MBC ndi TVM K1 yokha aliyense mu bajeti. Mkangano wonsewo unali wa andale okhaokha, woti nkhope ya ndani ioneke. Palibe anaimirira kufunsa kuti mlimi wa nandolo ku Chilipa akupindula chiyani ndi kanemayo.

Makanema omwe si a boma nawo ali ndi matenda awo. Sindikukana, anatithandiza kumva mbali zonse, ndipo atolankhani ena kumeneko ndi olimba mtima. Koma iwo amadya za otsatsa malonda, ndipo wotsatsa malonda amafuna munthu wa ndalama m'thumba. N'chifukwa chake madzulo onse mumaona za mabanki, za mafoni, za kubetcha mpira, ndi aneneri ogula nthawi. Pologalamu ya ulimi ilipo apa ndi apo, koma kawirikawiri imabwera chifukwa bungwe lina kapena kampani ya mbewu yalipira. Pulojekiti ikatha, pologalamu nayo yatha. Ndiye imaikidwa nthawi yoti ife tili kumunda kapena kudimba. Wokonza ndondomekoyo akanafunsa mlimi mmodzi yekha, akanamuuza kuti Disembala ndi Januwale masana simungatipeze pakhomo.

Ena amati anthu akumudzi nkhani zozama sangazitsate, amangofuna nyimbo ndi masewero. Bodza limenelo linafera poyera mu 2019 ndi 2020. Mlandu wa chisankho unkaulutsidwa pa wayilesi miyezi ingapo, womasulira m'Chichewa ali pomwepo. Anthu ankapita ndi wayilesi kumunda, asodzi ankamvera akusoka maukonde, agogo osadziwa kulemba dzina lawo ankatsutsana za tipeksi ngati maloya. Pa 3 Febuluwale 2020, tsiku la chigamulo, midzi inali zii kuyambira m'mawa mpaka usiku. Tsono musatinamize kuti mitu yathu ndi yaing'ono. Nkhani ikakhala yotikhudza, m'chilankhulo chomveka, timamvetsera kuposa inu.

Nanga ife tikufuna chiyani? Sitikupempha zakumwamba ayi.

Choyamba, zanyengo za panyanja. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba, ndipo chaka ndi chaka timaika maliro a asodzi. A zanyengo amatulutsa machenjezo, koma pa kanema amadutsa mothamanga kumapeto kwa nkhani, munthu ataima pa mapu. Msodzi wa chilimira amene akukonza nyali zake kuti alowe m'madzi usiku akufuna kumva momveka, dzuwa lisanalowe, kuti mphepo ibwera liti ndipo ikhala masiku angati. Zimenezi ndi moyo wa munthu, si zokongoletsera.

Chachiwiri, mitengo. Amatiuza mtengo wa dola ndi paundi tsiku lililonse. Ndani wa ife amagulitsa paundi? Tiuzeni kuti nandolo, chimanga, mtedza, thonje ndi chitini cha usipa zikugulidwa bwanji ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Liwonde. Vendala akabwera ndi sikelo yake n'kunena kuti mtengo wagwa m'tauni, ife timangovomera chifukwa tilibe potsutsira. Mu 2017 nandolo anagwa mtengo chifukwa dziko la India linachepetsa kugula, koma alimi ambiri anamva chifukwa chake matumba ataunjikana kale m'nyumba.

Chachitatu, gwiritsani ntchito chimene kanema amaposa nacho wayilesi, chomwe ndi kuonetsa. Ntchemberezandonda zitavuta mu 2017, anthu ambiri sankadziwa kuti mazira ake amaoneka bwanji patsamba. Alangizi ndi ochepa, mmodzi kuyang'anira midzi yambirimbiri. Kamera itayandikira pa tsamba la chimanga kwa mphindi zisanu ingagwire ntchito ya mlangizi ya mwezi wathunthu. Chimodzimodzi kupanga manyowa, kusunga chimanga kuti anankafumbwe asalowe, kuyanika usipa pathandala kuti usaole nthawi ya mvula.

Chachinayi, tifotokozereni zifukwa. Novembala ndi Disembala nyanja imatsekedwa kuti chambo chiswane. Pa kanema timangoona maukonde olandidwa akutenthedwa ndi bwana akuchenjeza. Bwanji osakhazika pamodzi msodzi, wa komiti ya m'mbali mwa nyanja ndi wa zausodzi, akambirane poyera chifukwa chimene chambo chinathera ku Malombe, ndi zimene ma tirola akuluakulu akuchita? Mu 2024 nyanja inadzaza n'kulowa m'nyumba ndi m'minda. Zithunzi za mahotela omira tinaziona zambiri. Koma anthu m'midzi ankafunsana ngati vuto ndi mvula yokha kapena ndi mmene amatsegulira zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde. Funso limeneli linafunika katswiri alifotokoze m'Chichewa chosavuta, mobwerezabwereza, mpaka aliyense amvetse.

Chachisanu, chilankhulo. Anansi anga ambiri kuno amalankhula Chiyao, ndipo pali agogo ndi amayi amene Chichewa amachimva mwa apo ndi apo. Mu 1968 boma linasiya Chichewa ndi Chingerezi zokha pa wayilesi. Nthawi ya a Muluzi nkhani za m'Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zinayamba kumveka pa MBC. Koma pa kanema Chiyao n'chosowa, chimamveka kwambiri pa nyimbo ndi pa magule. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Uthenga wa matenda ngati amenewa uyenera kufika m'chilankhulo chimene mayi amalankhula ndi mwana wake, osati chimene amalankhula ndi DC.

Chachisanu ndi chimodzi, muzibwereranso. Mwala wa maziko ukaikidwa makamera amakhala khumi. Pakatha chaka palibe ndi imodzi yomwe yobwera kudzaona ngati khoma lakwera. Msewu wa ku Makanjira walonjezedwa ndi maboma angati? Anthu a kumeneko akawerenga malonjezo, zala za dzanja limodzi sizikwana. Kanema wotumikira anthu akanasunga zithunzi za lonjezo lililonse, n'kumazionetsa pambali pa chithunzi cha minibasi itatitimira m'matope.

Musati n'zosatheka. Dzimwe ya ku Monkey Bay, imodzi mwa mawayilesi oyamba a m'madera m'dziko muno, yakhala ikulankhula ndi asodzi ndi alimi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi ndalama zochepa zedi. Amadziwa mayina a madoko athu, amawerenga mauthenga a maliro athu, munthu akaimba foni amamumvera. Chimene chikusowa ku nyumba zazikuluzo ndi mtima wofuna, osati zipangizo.

Tsopano inu abale a m'tauni, ndikulankhuleni mwaulemu. Mu Ogasiti 2023 DStv italengeza kuti ikuchoka m'dziko muno chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi MACRA, Facebook yonse inali maliro. Munalira mpira wa ku England ngati mwaferedwa, mpaka inabwerera. Sindikukunyozani, mpira nafenso timaukonda. Koma kuli midzi kuseri kwa mapiri kumene, chisinthireni kupita ku dijito ndi madikoda a Kiliye Kiliye, chithunzi cha kanema wa dziko lawo lomwe sichifika popanda dishi, ndipo sindinakuoneni mukulemba ngakhale mzere umodzi. Ena a inu mumagwira ntchito m'nyumba zoulutsira mawuzo. Munabadwira kwa Mponda, kwa Chimwala, kwa Nankumba, munakula ndi ndalama za usipa ndi fodya. Pa msonkhano wokonza mapologalamu, tsegulani pakamwa. Funsani kuti pa maola onse a tsiku, ndi mphindi zingati zimene amayi anu kumudzi angaonere n'kutolapo kanthu.

Ndipo inu anzanga a kuno, tisangokhala odandaula pansi pa mtengo wa mango. Mafoni ojambula alipo m'mudzi uliwonse. Mlatho ukaduka, jambulani, tumizani. Pologalamu yoimba foni ikafika, imbani, nenani dzina la mudzi ndi vuto lake, osati kungopereka moni kwa apongozi. Ku VDC ndi ku ADC nkhaniyi ilowe m'kaundula. Bajeti ya MBC imadutsa ku Nyumba ya Malamulo, ndiye phungu akabwera kudzapepesa maliro mufunseni kuti anavomera ndalamazo kuti zitichitire chiyani. Mtolankhani akabwera ndi kamera n'kunena kuti amayi imbani nyimbo tijambule, muuzeni mwaulemu kuti tiimba, koma muyambe mwamva za mjigo umene unawonongeka chaka chatha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Amene muli ndi mbale ku Kwacha, ku Ginnery Corner kapena ku Lilongwe wogwira ntchito ya kanema, mutumizireni zimenezi awerenge. Ngati ndanama penapake anditsutse pansipa, tikambirana ngati anthu. Mawa ndibwereranso ku nkhani ya makuponi.