A Ngugi awiri ndi sewero lomwe adalemba pamodzi ndi mudzi

Ku Kenya kudali alembi awiri a masewero a dzina limodzi. Woyamba ndi a Ngugi wa Thiong'o, omwe mabuku awo amawerengedwa m'masukulu ambiri mu Africa muno, ndipo atamwalira ku America mu Meyi 2025 nyuzipepala za m'maiko ambiri zidalemba za iwo. Wachiwiri ndi a Ngugi wa Mirii, omwe adafa pa ngozi ya galimoto ku Harare mu 2008. Awa ndi ochepa amene amawadziwa. Kuti tisasokonezeke, tiziwatchula kuti a Thiong'o ndi a Mirii.

Ine ndikuti ntchito ya mlembi wa masewero tisamaiyeze ndi kutchuka kwa dzina lake kokha. Tiziyang'ananso kuti ndi anthu angati amene adawapatsa mpata wonena nkhani yawo m'mawu awoawo. Nkhaniyi ikukukhudzani, amayi, chifukwa pa tsiku la zaumoyo kapena pa msonkhano wa chitukuko, akati pakhale kasewero, amene amavala chipewa cha abambo n'kulowa m'bwalo nthawi zambiri ndinu.

Zonse zidayamba ndi mayi wina wa m'mudzi wa Kamiriithu, pafupi ndi tauni ya Limuru. A Thiong'o adafotokoza okha kuti mu 1976 mayiyu adafika kunyumba kwawo m'mamawa, nawafunsa chifukwa chomwe anthu ophunzira ngati iwo sankagawirako mudzi maphunziro awo. Sadabwere kamodzi kokha. Adabwerezabwereza, Lamulungu ndi Lamulungu, mpaka mkulu wa zamaphunziro a zolembalemba pa University of Nairobi adagonja. M'mudzimo mudali malo a sukulu ya kwacha, ndipo a Mirii ndiwo ankatsogolera ntchito yophunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba. Anthu atayamba kudziwa zilembo padafunika chinthu choti aziwerenga, chokamba za moyo wawo. Apa ndi pomwe padabadwira ganizo la sewero.

Alembi awiriwa adalemba chiyambi chabe, m'Chikikuyu, n'kuchipereka kwa anthu. Kwa miyezi ingapo alimi, ogwira ntchito m'minda ya tiyi ndi a pa fakitale ya nsapato ya Bata adakhala akuliwerenga sewerolo, kutsutsa, kuchotsa ndi kuwonjezera. Akuluakulu ankawadzudzula aphunzitsiwo kuti nkhalamba siyankhula motero. Apafakitale ankakonza zokhudza malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito, poti iwo ndiwo ankazidziwa. Omwe adaona nkhondo ya Mau Mau ndi maso awo adabweretsa nyimbo ndi magule a nthawi imeneyo. Zoyeserera zinkachitikira poyera, ndipo wodutsa ndi njira ankatha kuima n'kuponyapo lake. Bwalo lamasewero, lokhalamo anthu oposa 2,000, adamanga okha.

Taganizani munthu wa madigiri, wolemba mabuku odziwika kunja, akuuzidwa ndi gogo wosadziwa Chingerezi kuti apa walakwitsa, iye n'kufufuta. Kwa ine pamenepa ndiye pagona nkhani yonse.

Sewerolo lidatchedwa Ngaahika Ndeenda, kutanthauza kuti ndidzakwatiwa pomwe ndafunira. Nkhani yake simungaione yachilendo. Kiguunda ndi mkazi wake Wangeci ndi banja losauka lomwe chuma chake chonse ndi kamunda ka ekala imodzi ndi theka. Bwana wa Kiguunda, munthu wolemera komanso wopemphera, akuwaumiriza kuti akadalitse ukwati wawo kutchalitchi. Iwo akuganiza kuti akatero mwana wawo Gathoni akwatiwa ndi mwana wa bwanayo. Akutenga ngongole yogulira zapaukwati, chikole chake kamunda kaja. Mapeto ake Gathoni akupatsidwa mimba n'kukanidwa, ndipo munda ukulandidwa. Ena mwa ife sewero lotere lingatiwawe, chifukwa limaloza chala akhristu. Koma chomwe limadzudzula ndi chipembedzo chovala ngati suti pofuna kudyera osauka, ndipo ndani mwa ife sadaonepo banja likulowa m'katapila chifukwa cha phwando la tsiku limodzi?

Lidayamba kuonetsedwa pa 2 Okutobala 1977. Anthu ankabwera pa mabasi ndi pa malole kuchokera kutali. Pa 16 Novembala boma lidalanda chilolezo, ndipo pa 31 Disembala a Thiong'o adatengedwa n'kukatsekeredwa ku ndende ya Kamiti popanda mlandu. Adakhalako pafupifupi chaka, ndipo kumeneko adalemba buku la Caitaani Mutharaba-ini pa mapepala a kuchimbudzi. Atatuluka, ntchito yawo ya pa yunivesite sadawabwezere. Onani kuti bamboyu adali atalemba kale mabuku odzudzula boma m'Chingerezi, osamangidwa. Chomwe chidaopsa akuluakulu ndi anthu wamba akuyankhula za munda ndi malipiro m'chinenero chawo, pamaso pa anzawo.

Gululo silidafooke. Lidakonza sewero lina, Maitu Njugira, koma mu 1982 boma lidakana kuti lionetsedwe, ndipo mu Malichi chaka chomwecho apolisi adafika ku Kamiriithu n'kugwetsa bwalo lija. Alembi onse awiri adathera kunja kwa dziko lawo.

Apa ndi pomwe njira zawo zidasiyana. A Thiong'o adakhala ku London, kenako ku America, komwe adaphunzitsa pa Yale, New York University ndi University of California, Irvine. Adapitiriza kulemba m'Chikikuyu, koma anthu omwe ankawakonzera ziganizo adali kutali. Ku Kenya adabwererako koyamba mu 2004. A Mirii adapita ku Zimbabwe, dziko lomwe lidali litangolandira ufulu, ndipo adapitiriza ntchito yomwe ija ya ku Kamiriithu: kuyenda m'masukulu, m'midzi ndi m'makomboni kuphunzitsa magulu kupanga masewero awoawo. Iwo ndi mmodzi mwa omwe adayambitsa bungwe la Zimbabwe Association of Community Theatre. Ntchito yotere siisiya mabuku ambiri pashelefu. Imatsalira mwa anthu, ndipo anthuwo akabalalika palibe amene amawerengera.

Sindikuchepetsa a Thiong'o. Popanda mabuku awo, za mayi uja wa Lamulungu sitikadazidziwa, ndipo ndende adalowa ndi iwo. Koma tikamauza ana athu aluso kuti kupambana n'kutchuka basi, tikuwauza kuti zaka 26 za a Mirii ku Zimbabwe zidapita pachabe. Zimenezo ndikukana.

Tsono tibwere kwathu. Masewero ophunzitsa si achilendo kuno. M'zaka za m'ma 1980 gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College linkachita masewero a zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, anthu a m'midzimo akutengapo mbali. Koma masiku ano nthawi zambiri zimayenda chonchi: kwabwera alendo ndi uthenga wolembalemba kale, wa kolera kapena wa sikelo, atipatsa mawu oti tiloweze, tavala, taseketsa anthu, ndipo pamapeto wina waima n'kunena kuti tizisamba m'manja. Uthengawo ndi woona. Chomwe chimasowa ndi chomwe mayi wa m'mudzimo akadawonjezera akadafunsidwa: kuti mjigo udawonongeka chaka chatha ndipo ndalama zokonzera zidasonkhedwa koma sizidaoneke, kapena kuti iye amafuna kupita kusikelo koma ndalama ya kabaza imakhala m'thumba la bambo. Sewero lopanda zimenezi anthu amaombera m'manja n'kubwerera kunyumba monga adabwerera.

Wina anena kuti kulemba pagulu kumachedwa ndipo kumabala mikangano. N'zoona, a ku Kamiriithu zidawatengera miyezi. Wina anenanso kuti sewero lonena zoona lingakhumudwitse amfumu kapena a komiti. N'zoonanso, ndipo sindikukutumani kuti mukatchule anthu maina pabwalo. Koma pakati pa kutukwana munthu ndi kuloweza mawu a eni ake pali malo aakulu, ndipo amayi amene amadziwa kupereka mwambo kwa mkwatibwi kudzera m'nyimbo safunika kuphunzitsidwa kunena chinthu chowawa mwaulemu.

Pafupifupi m'mphakati uliwonse muli munthu amene amati akayamba kufotokoza nkhani onse amatchera khutu, kapena mtsikana wa Fomu 4 amene amalemba timasewero m'kope. Ameneyo mpatseni ntchito ya a Mirii. Akhale ndi cholembera, inu muziyankhula, iye azilemba, kenako akuwerengereni ndipo mumukonze pomwe walakwitsa. Ndipo bungwe likabwera ndi ndalama ya tsiku la zaumoyo, funsani kuti pa bajeti pali mzere wa wolemba sewero kapena ayi, pakuti wa zokuzira mawu ndi wa zakumwa sausowa. Mlembi naye amadya, ndipo ambiri amasiya luso lawo chifukwa aliyense amaliyesa chithandizo chaulere.

Ngaahika Ndeenda lidaonetsedwanso poyera ku Kenya National Theatre mumzinda wa Nairobi mu 2022, patatha zaka 45 chiletsedwere. A Mirii adali atagona kale zaka 14. Pamalo pomwe padali bwalo la anthu a ku Kamiriithu boma lidaikapo sukulu ya ntchito zamanja.