Kodi madzi a m'chitsime cha agogo apita kuti?

Gulu la WhatsApp la banja lathu nthawi zambiri limakhala la maliro, maukwati ndi zithunzi za makanda. Koma mu Okutobala 2024 munalowa nkhani ina. Azakhali anatumiza chithunzi cha chitsime cha kwathu ku Chiradzulu, chija chili kumunsi kwa dimba la agogo. Pansi pake panali matope ong'ambikang'ambika ndi kachitini kadzimbiri. Uthenga wake unali wa mawu atatu okha: "Madzi aja athawa."

Mayankho sanachedwe. Msuweni wanga wa ku Joni anati, "Tisonkhe, tikumbitse mjigo, nkhani ithe." Amalume anatumiza mawu ojambula a mphindi zinayi, kufotokoza kuti pansi pa mudzi wathu pamadutsa mtsinje waukulu, ndipo mtsinjewo wangosintha njira, tikakumba mozama tiupeza. Azakhali anawonjezera kuti atsikana a pakhomo akumadzuka 4 koloko m'mawa kukaima pamzere pa mjigo wa kusukulu, ndipo akumalowa m'kalasi mochedwa, atatopa kale.

Ine ndinangokhala chete, ngakhale dzina langa linali pamndandanda wa osonkha. Sikuti ndinkakana kupereka ayi. Kungoti funso lina linkandivuta. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa chimvula m'chigawo cha kummwera mpaka mapiri kugumuka, nyumba kukokoloka, anthu mazanamazana kutaya miyoyo, ndipo Chiradzulu linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Nanga zitheka bwanji kuti patangotha chaka ndi theka, chitsime chimene agogo akhala akutungapo chikwatiwireni chiume gwa? Madzi onse aja anapita kuti?

Ndinabwerera ku zija tinkaloweza mu jogalafe ku sekondale pofuna kungokhoza mayeso. Ulendo uno ndinaziwerenga ngati munthu amene ndalama yake yatsala pang'ono kulowa m'dzenje.

Choyamba nchakuti madzi a padziko lapansi sathawa, amangozungulira. Dzuwa likawomba panyanja, pamitsinje ndi panthaka yonyowa, madzi amakwera kumwamba ngati nthunzi. Zomera nazo zimakoka madzi ndi mizu nkuwatulutsira m'masamba. Kumwambako nkozizira, choncho nthunzi ija imasanduka timadontho tomwe timapanga mitambo, kenako mvula. Koma gawo lathu pa madzi onsewa ndi laling'ono. Pa malita 100 alionse, pafupifupi 97 ndi amchere a m'nyanja zikuluzikulu. Mwa otsalawo, ambiri ndi oundana ku Antarctica ndi Greenland. Ndipo chimene chinandidabwitsa ndi ichi: madzi abwino osaundana, ochuluka kwambiri sali m'mitsinje kapena m'nyanja zimene timaziona. Ali pansi pa mapazi athu.

Dontho la mvula likagwa pansi lili ndi njira zitatu. Likhoza kuuma nkubwerera kumwamba. Likhoza kuthamanga pamwamba pa nthaka, kulowa m'ngalande, mumtsinje, basi lapita. Kapena likhoza kulowa pansi. Chitsime, mjigo ndi kasupe zimadalira njira yachitatuyi.

Tsono pansipo madzi amakhala motani? Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amalume, mwaulemu ndithu. M'madera ambiri a dziko lino, pansi pa dothi pali thanthwe lakalekale lolimba zedi. Kwa zaka zosawerengeka, pamwamba pa thanthwelo pakhala pakufumbutuka nkusanduka timiyala ndi mchenga, ndipo munsi mwake muli ming'alu. Madzi amakhala m'timipata ta pakati pa timiyalato ndi m'ming'aluyo. Amene munakulira kumudzi mukukumbukira kufukula mchenga mumtsinje wouma mu Okutobala: umakumba ndi manja, kadzenje nkuyamba kudzaza pang'onopang'ono. Madziwo sanachokere mumtsinje wina wobisika. Anali momwemo mumchenga. Pansi pa mudzi wathu mulinso chimodzimodzi, kungoti mokulirapo.

Madzi apansiwa ali ndi mlingo wake, ngati mmene madzi amaonekera m'ndowa. Chitsime ndi dzenje chabe lomwe lafika pansi pa mlingowo. M'dzinja mlingo umakwera, m'chilimwe umatsika. Komanso madziwa sakhala malo amodzi. Amayenda pang'onopang'ono kulowera kumunsi, mwina masentimita ochepa kapena mamita ochepa patsiku, nkukatulukira pa kasupe, m'dambo ndi mumtsinje. Munadzifunsapo chifukwa chake mitsinje ina imayendabe mu Seputembala pamene mvula inasiya mu Epulo? Ndi mvula yomweyo, yomwe inalowa pansi m'dzinja, ikutuluka mochedwa.

Ndiye madzi a m'chitsime cha agogo sanathawe. Mlingo wake unangotsika kupitirira pamene chitsimecho chinalekezera.

Funso lenileni nlakuti, watsikiranji chonchi? Ine ndimaziona ngati banki mkhonde. Mudzi wonse umaika, mudzi wonse umatapa. Mukamatapa zambiri kuposa zimene mukuika, tsiku lina mudzatsegula bokosi nkupeza mulibe kanthu.

Tiyambe ndi zoika. Kuno mvula pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, ndiye kuti tili ndi miyezi yochepa yosungira madzi a chaka chonse. Mvula ya Freddy inagwa yambiri m'masiku owerengeka. Ina inalowadi pansi, ndipo chaka chimenecho chitsime chathu chinali chodzaza mpaka mvula ina. Koma pamalo otsetsereka ndi opanda chophimba, yambiri inangothamanga, itanyamula dothi lachonde. Dzinja lotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, ija inachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 agweredwa tsoka. Chaka chimenecho m'bokosi munalowa zochepa.

Koma tisanamizire nyengo yokha. Ndili mwana, kaphiri kamene kali kumtunda kwa dimba la agogo kanali ndi mitengo ya masuku, ndipo pansi pake masamba ankafika m'kapolo. Lero kaphiriko nkadazi. Mitengo ina inapita kuotchera njerwa za nyumba zathu zomwe, ina inasanduka makala. Ndisaloze ena chala: thumba la makala limene lili pakhonde panga ku Blantyre linachokera pa kaphiri ka mudzi winawake. Masamba, udzu ndi mizu zimachedwetsa madzi ndi kuwatsegulira njira yolowera pansi. Zikachoka, madontho amamenya dothi mwachindunji, pamwamba nkuuma ngati simenti, madzi nkumangodutsa. Onjezeranipo madenga a malata, mabwalo osesedwa mbee, tinjira topondedwapondedwa, ndi mizere ina yolimidwa motsata kutsetsereka, yomwe imasanduka ngalande.

Nanga zotapa? Kalembera wa 2008 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo oposa 13 miliyoni. Pofika 2018 tinali titadutsa 17.5 miliyoni. Kwathu kumene kunali nyumba zisanu tsopano kuli mudzi wathunthu. Zitsime zachuluka, madimba akula, ena agula mapampu a sola othiririra. Zonsezi ndi zabwino, koma onse akutapa m'bokosi limodzi.

Kumayambiriro kwa Novembala ndinapita kumudzi. Mmalo motsutsana ndi amalume pafoni, ndinatenga makapu awiri a madzi. Imodzi ndinathira pabwalo pamene azakhali amasesa m'mawa uliwonse, ina ndinathira kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango, pamene pamaunjikana masamba. Pabwalo paja madzi anayenderera mpaka kukafika pa nsapato za amalume. Pansi pa mango anangoti zii, ngati sindinathirepo kanthu.

"Amalume, mwaona?" ndinatero.

Iwo anayang'ana nsapato zawo, kenako anati, "Iwe, sukulu yakoyi yafika pomanyowetsa akuluakulu?" Tonse tinaseka. Koma anakhala pansi nkundimvetsera.

Ndinawauza kuti mjigo sindikuukana. Mjigo umafika pakuya kuposa chitsime chokumba ndi manja, choncho suuma msanga, ndipo ukamangidwa bwino madzi ake amakhala otetezeka. Koma pali zinthu zitatu zimene aliyense wosonkha ndalama ya mjigo ayenera kudziwa.

Choyamba, kuya sikutanthauza madzi ambiri nthawi zonse. Mukadutsa gawo lofumbutuka lija ndi ming'alu yake, mumafika pa thanthwe lenileni, ndipo m'thanthwe logwirana mulibe mosungira madzi. Mukhoza kulipira mamita ambirimbiri nkungotulutsa fumbi. Nchifukwa chake pamafunika akatswiri oyamba apima malo ndi zipangizo asanabweretse galimoto yobowola. Musalole kuti malo asankhidwe chifukwa choti ali pafupi ndi khomo la amene wasonkha zambiri.

Chachiwiri, madzi apansi amatenga zimene akumana nazo m'njira. M'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje muli mijigo yotulutsa madzi amchere, chifukwa cha mchere umene uli m'nthaka momwemo. Kwina vuto ndi zimbudzi. Zonyansa za m'chimbudzi chokumba zimalowa pansi ngati mmene mvula imalowera. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi, osati kumtunda. Sitinaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi oyera m'maso si umboni woti ndi abwino. Ayezedwe, ndipo pokayikitsa tiziwiritsa kapena kuthira kulorini.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu: mjigo supanga madzi. Uli ngati kapaipi komwera chakumwa m'botolo. Kakhale katali bwanji, ngati m'botolomo simukuthiridwa china, tsiku lidzafika lomwe mudzangokoka mpweya.

Ndiye tithiremo bwanji? Apa masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndiye kuti pagwa lita imodzi. Tiyerekeze denga la mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, m'chaka chomwe kwagwa mamilimita 800. Pamenepo patsika malita 48,000, kapena kuti ndowa 2,400 za malita 20. Denga limodzi lokha! Tangoganizani za munda wa ekala imodzi, kapena kaphiri konse. Madzi timalandira ndithu, vuto nlakuti timawaperekeza okha kumtsinje.

Njira zowagwira si zachilendo. Alangizi a zaulimi akhala akuzinena kuyambira kale. Mizere izipingasa kutsetsereka, motsogozedwa ndi akalozera. Pa akalozerapo pabzalidwe udzu wa vetiva. Mizere itsekedwe pakatipakati kuti madzi aime m'makwawa mmalo mothamanga. Mapesi asaotchedwe, aphimbire nthaka. Madzi a padenga alowe m'mgolo kapena m'thanki, otsala alunjike m'dzenje lodzaza miyala kapena pa nthochi, kutali pang'ono ndi maziko a nyumba. Kuphiri, zitsa zimene zikuphukira zisiyidwe zikule. Nthawi zambiri zimapirira kuposa mbande zobzala chifukwa mizu yake inazama kale. Koma tisamale: si mtengo uliwonse woyenera pafupi ndi madzi. Bulugama amakula msanga koma amamwa kwambiri, ndiye asayandikire kasupe kapena dambo.

Agogo, amene nthawi yonseyi ankangotongola chimanga pamphasa osalankhula, anakweza mutu.

"Ndiye ukuti chitsime changa chimayambira kuphiri?"

"Eya agogo, ndi zimenezo."

"Nanga si ndi zomwe ankanena makolo athu," iwo anatero. "Ankatiletsa kudula mtengo uliwonse pa kasupe. Ankati pamakhala chinjoka, ukadula mtengo chimasamuka ndi madzi ake. Ife tinkaopa. Inu ophunzira munabwera nkumati kulibe njoka."

Ndinasowa choyankha. Kaya njokayo inaliko kaya kunalibe, lamulo lija linkasunga madzi. Ife tinachotsa mantha, koma sitinaikepo china m'malo mwake.

Nkhani ya pagulu lathu sinathe bwinobwino, ndisaname. Amalume akukhulupirirabe za mtsinje wawo wa pansi, ngakhale avomera kuti abwere kaye opima malo. Msuweni wa ku Joni anadandaula kuti ndikuchedwetsa zinthu, ndipo sindimuimba mlandu: amene akudzuka 4 koloko ndi achemwali ake. Chimene tinagwirizana nchakuti pa ndalama iliyonse yosonkhedwa, kagawo kena kazipita ku vetiva, ku mipaipi ya padenga la agogo, ndi kukonza akalozera m'munda wa kumtunda. Anyamata a pamudzi anakambirana ndi amfumu kuti zitsa za pa kaphiri zisadulidwenso. Zotsatira zake sizioneka chaka chimodzi. Madzi apansi sathamanga, ndipo sadziwa kuti ife tili pachangu.

Ambiri a inu amene mukuwerenga pafoni ndinu amene mumalandira mauthenga aja akuti "tumizako kangachepe, kuno madzi avuta." Tumizani ndithu. Koma mukapita kumudzi dzinja lino, mvula ikayamba musathawire m'nyumba msanga. Imani pakhonde, muone kumene madzi a padenga ndi a pabwalo akulowera, ndi mtundu umene ali nawo pofika kumsewu. Akakhala ofiira ndipo akuthamanga, dziwani kuti amenewo ndi madzi a m'chitsime chanu a mwezi wa Okutobala, akupita mukuona.