Khutu limakonda chimene lazolowera

Kwerani minibasi yochoka pa Karonga kupita ku Songwe, mukamve mkangano. Mnyamata akuti adalaivala aike Diamond Platnumz, mayi wa geni akuti ayi, tiikireni malemu Lucius Banda, pomwe agogo kumbuyoko akung'ung'udza kuti zonsezi sizingafike pa ng'oma ya mapenenga. Aliyense ndi mtima wake, inde. Koma kodi mtimawo unaphunzira kuti?

Zoona zake n'zakuti munthu amakonda chimene wakhala akumva. Mu 1968 boma la Kamuzu linachotsa mapologalamu a Chitumbuka pa wailesi ya MBC, ndipo anabwerera mu 1994. Nthawi yonseyo makaseti a rumba ndi a Chiswahili ankalowa ndi amalonda kuchokera ku Tanzania. Nanga tidabwe chiyani lero achinyamata akamavina Bongo Flava?

Komatu nyimbo yakwathu ikapatsidwa mpata imagwira mtima. Wambali Mkandawire, yemwe anatisiya mu 2021, anaimba m'Chitumbuka pa chimbale cha Zani Muwone, ndipo ngakhale a ku Blantyre osamva chilankhulocho anachikonda. Lusubilo Band ya pa Karonga pompo yaonetsanso kuti luso lilipo.

Tsono inu amalonda, sipika ya pa shopu yanu ndi wailesinso. Inu ophunzira, mukamangokopera nyimbo mwaulere m'mafoni, woimbayo adya chiyani? Kondani Diamond, palibe mlandu, koma woimba wa Kyangonde naye mumuike, ndipo mumulipire. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.